Kasankhidwe ka makina ofufuzira zitsulo ofika pansi kwambiri pa gombe

Munthu akafuna kugula makina ofufuzira zitsulo zokwiririka, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Amafika pansi bwanji?" Ogulitsa amalidziwa funso limeneli, ndipo nambala yaikulu amakhala ali nayo kale pakamwa. Koma pa gombe kuya kwa makina sikuwerengedwa pa katoni. Kumatengera mchenga umene mwapondapo, mchere umene uli m'madzi, ndi kukula kwa chinthu chimene chagona pansipo. Makina amene amamva mphete bwinobwino pa bwalo la mpira akhoza kuidumpha ili pafupi kwambiri mu mchenga wonyowa wa ku Durban. N'chifukwa chake malangizowa ayambira pa mchenga, makina abwere pambuyo.

Ndikulembera magulu awiri. Ena muli pafupi ndi nyanja ya mchere, ku Durban, Cape Town, Gqeberha kapena ku Britain. Ena mukufuna kuyenda m'magombe a Nyanja ya Malawi. Zosowa zanu n'zosiyana, ndipo wina akatengera makina a mnzake ataya ndalama.

1. Pitani ku gombe musanapite ku sitolo

Tengani maginito amphamvu, ngakhale a mu sipika yakale, muwakulunge mu jumbo. Akokeni mu mchenga wouma malo angapo, makamaka pamene mukuona mizere yakuda yosiyidwa ndi mafunde. Jumbo likatuluka litakakamira tifumbi takuda tambiri, ndiye kuti gombelo lili ndi magnetite, mwala wa chitsulo wosweka n'kusanduka mchenga. Mchenga wotere umasokoneza makina ndi kuwadyera kuya. Si wosowa kuno kwathu. Gombe la KwaZulu-Natal lili ndi mchenga wolemera wambiri moti ku Richards Bay amaukumba n'kuchotsamo ilmenite, rutile ndi zircon. Ku Malawi umapezeka ku Chipoka m'boma la Salima ndi ku Makanjira ku Mangochi. Jumbo likatuluka loyera, mwapepukidwa ndi vuto limodzi.

Kenako sankhani pamene mudzayende kwambiri, chifukwa gombe lili ndi magawo atatu. Pali mchenga wouma, pamene anthu amayala mataulo. Pamenepa pamagwa ndalama, makiyi ndi mafoni, ndipo makina alionse abwino amagwira ntchito. Pali mchenga wonyowa, umene madzi amauphimba n'kuusiya. Ndiyeno pali m'madzi mwenimweni, kuyambira m'mawondo mpaka m'chifuwa. Mphete zambiri zimavukira m'madzimo, chifukwa madzi ozizira amachepetsa zala, mafuta odzola oteteza ku dzuwa amaziterera, ndipo munthu akamalimbana ndi funde sadziwa n'komwe kuti chala chatsala chopanda kanthu.

Vuto lalikulu la magawo awiri omalizawa ndi mchere. Makinawa amatumiza mphamvu ya maginito pansi n'kumvetsera zimene zikubwerera kuchokera ku chilichonse chodutsa magetsi. Madzi a mchere amadutsa magetsi, choncho gombe lonse lonyowa limayankha ngati chitsulo chimodzi chachikulu chofooka. Choipa kwambiri n'chakuti yankho la mchere limagwera pafupi ndi pamene pamagwera golide wamng'ono, monga ndolo ndi matcheni opyapyala. Makina akamachotsa mchere amatayako pang'ono golide wotereyo. Palibe kampani imene inathetseratu zimenezi, kaya malonda ake anene zotani.

Nyanja ya Malawi ilibe mchere wotere. Ngati mudzayenda ku Senga Bay, Nkopola, Nkhata Bay kapena Chintheche basi, theka la ndalama zimene anzanu a ku Durban ayenera kulipira inu simukuyenera kulipira.

2. Sankhani mtundu wa makina, osati dzina la kampani

Mitundu yake ilipo itatu, ndipo apa mpofunika kufatsa chifukwa zina zonse zimatsatira chisankho chimenechi.

Woyamba ndi VLF, kufupikitsa kwa very low frequency, ya firikwensi imodzi. Firikwensi ndi liwiro limene mphamvu yotumizidwa pansi imagwedezekera, ndipo imayezedwa mu kHz. Awa ndi makina ofala komanso otsika mtengo, monga Garrett ACE 250 ya 6.5 kHz, Garrett AT Pro ya 15 kHz, ndi Nokta Simplex+ ya 12 kHz. Amasiyanitsa bwino msomali ndi ndalama. Pa mchenga wouma ndi m'madzi opanda mchere amafika pansi mokwanira. Mukangowaika pa mchenga wonyowa wa mchere amayamba kubwebweta, kulira paliponse popanda kanthu. Kuti akhale chete mumatsitsa mphamvu yake yomvera, ndipo kuya kumapita pomwepo. Ena ali ndi njira yowatchunira kuti azolowere mchere, koma pamene mchere wakumana ndi mchenga wakuda, firikwensi imodzi imatha kuchotsa chimodzi chokha, chinacho n'kumasokonezabe.

Wachiwiri ndi makina otumiza mafirikwensi angapo nthawi imodzi. Poyerekeza mayankho a mafirikwensi osiyana, amatha kuzindikira kuti ili ndi phokoso la mchere, ili ndi la mchenga wakuda, ichi ndiye chitsulo, kenako n'kuchotsa ziwiri zoyambazo. Luso limeneli ndi lakale ndithu. Fisher CZ-21 imagwiritsa ntchito 5 ndi 15 kHz, ndipo Minelab Excalibur II imatumiza mafirikwensi 17 kuyambira 1.5 mpaka 25.5 kHz. Zinthu zinasintha mu 2018 pamene Minelab, kampani ya ku Adelaide ku Australia, inatulutsa Equinox 600 ndi 800, makina opepuka, osalowa madzi, pa mtengo wofikirika kusiyana ndi kale. Mu 2022 kunabwera Nokta Legend ya ku Turkey, Minelab Manticore, ndi Equinox 700 ndi 900. Kampani ya XP ya ku France ili ndi Deus II, imene imagwira kuyambira 4 mpaka 45 kHz.

Chenjerani ndi mawu a malonda apa. Makina okhala ndi mafirikwensi angapo oti musankhepo imodzi si ofanana ndi otumiza onse nthawi imodzi. Minelab X-Terra Pro, mwachitsanzo, imakulolani kusankha, koma ikamagwira ntchito imagwiritsa imodzi. Ndi makina abwino pa nyanja yathu, ndipo amayesetsa pa mchere, koma si gulu limodzi ndi Equinox. Funsani wogulitsa molunjika kuti, "Kodi amatumiza onse pamodzi?"

Wachitatu ndi PI, kufupikitsa kwa pulse induction. Awa amatumiza mphamvu mwakamphindi, n'kuzimitsa, n'kudikira pang'ono kwambiri asanamvetsere. Yankho la mchere limafa msanga, pomwe la chitsulo limachedwa, choncho pamene makina akuyamba kumvetsera mchere umakhala utatha kale. Mchenga wakuda nawonso suwavuta kwenikweni. Pa gombe lovuta, PI yabwino ndiyo imafika pansi kuposa onse. Zitsanzo ndi Garrett Sea Hunter Mark II ndi Garrett ATX.

Mtengo wa kuya kumeneko mumalipira ndi msana. PI sisiyanitsa bwino zitsulo. Msomali wadzimbiri, pini ya m'tsitsi, mbedza, waya wa pa chowotchera nyama, zonse zimalira mokoma ngati mphete, ndipo zimalira zili pansi kwambiri. Pa gombe la m'tauni pamene anthu akhala akutaya zinthu zaka zambiri, mukhoza kutha m'mawa wonse mukukumba maenje akuya otulukamo zitsekerero za mabotolo, mnzanu wa mafirikwensi angapo atadumpha zonsezo n'kuyenda gombe lonse. Kudikira kuja kumachititsanso kuti PI iphonye tizidutswa ta golide tating'ono kwambiri.

Maganizo anga ndi awa. Ngati awa ndi makina anu oyamba ndipo mukupita ku nyanja ya mchere, gulani otumiza mafirikwensi angapo nthawi imodzi, osalowa madzi. PI ikhale yachiwiri, mutadziwa gombe lanu ndi kuona kuti ndi la mchenga wakuda kwambiri kapena lili ndi zinyalala zochepa. Ngati ndinu wa ku Nyanja ya Malawi, VLF yosalowa madzi ikukwanani, pokhapokha jumbo lija litatuluka lakuda bii.

3. Dziwani kuya kwenikweni kuti asakunamizeni

Pa mphete kapena ndalama, makina abwino amafika masentimita 20 mpaka 30. PI yokhala ndi koyilo yaikulu, mbale yozungulira ya pansi pa makina imene imasesa mchenga, ikhoza kupitirirapo pa mphete yonenepa. Tcheni chopyapyala chimamveka pafupi kwambiri, nthawi zina pa masentimita ochepa chabe, chifukwa makina amamva kachidutswa kalikonse pakokha, osati tcheni chonse pamodzi. Kawirikawiri chimene chimamveka ndi kokowekera kake kapena kolendewera. Chitini cha chakumwa chimamveka kutali chifukwa n'chachikulu, ndipo nambala zambiri za pa katoni zimachokera ku zinthu zazikulu zotere.

Chifukwa chake n'chakuti mphamvu imachepa popita pansi n'kuchepanso pobwerera. Kanthu kakang'ono kakatalikira kawiri, yankho lake limatsika pafupifupi ka 64. Ndiye makina okwera mtengo kawiri safika pansi kawiri. Amaonjezera masentimita ochepa, kukhazikika pa mchenga wovuta, ndi kutha kukuuzani molondola chimene chili pansi. Zimenezi zili ndi phindu, koma muzidziwa kuti ndizo mukulipirira.

Pali zida zina zokhala ndi mlongoti wozungulira pa chogwirira, zimene amati zimaloza golide ali pa mtunda wa kilomita kapena mamita 30 pansi. Musayandikire. Chida cha mtundu womwewo chotchedwa ADE 651 chinagulitsidwa ku Iraq ngati chofufuzira mabomba, ndipo mwini wake, James McCormick, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 ku London mu 2013 zitadziwika kuti sichinkazindikira kanthu. Anthu anadalira chida chopanda ntchito pa malo ochitira chipikisheni pomwe miyoyo inali pa chiswe. Makina a mabokosi awiri ndi ojambula zithunzi za pansi pa nthaka ndi nkhani ina. Alipo enieni, koma anapangidwira zinthu zazikulu ngati mapaipi ndi migolo. Mphete saimva.

4. Onani bwino mawu akuti "osalowa madzi"

Makina ambiri amalembedwa choncho pomwe chosalowa madzi ndi koyilo yokha, mbale yozungulira ya pansi ija. Bokosi la mabatani likamira, makina atha. Minelab Vanquish 340, 440 ndi 540 komanso Garrett ACE Apex zili m'gulu limeneli. Zimatumiza mafirikwensi angapo ndipo zimagwira pa mchenga wonyowa, koma si zolowa nazo m'mafunde. Ngakhale mutalumbira kuti simudzapitirira akakolo, funde limodzi lobwera mutawerama likwanira.

Funani nambala ya mamita. AT Pro, Simplex+, ndi Equinox 600 ndi 800 ndi za mamita 3. Equinox 700 ndi 900, Manticore ndi X-Terra Pro ndi za mamita 5. Deus II imafika mamita 20, ndipo Excalibur II ndi Sea Hunter ndi za osambira pansi pa nyanja, pafupifupi mamita 60. Woyenda m'madzi ofika m'chiuno mamita 3 kapena 5 amukwanira.

Mahedifoni opanda waya sagwira bokosi likamira, chifukwa madzi amatseka siginolo. Mudzafunika a waya osalowa madzi, ndipo kawirikawiri amagulidwa padera. Aikeni m'bajeti. Popanda mahedifoni, phokoso la mafunde ndi mphepo limabisa kulira kwapansipansi, ndipo kulira kwapansipansiko ndiko kuya kumene mwalipirira.

5. Koyilo

Koyilo ya mainchesi 11, pafupifupi masentimita 28, ya mtundu wa DD ndiyo imabwera ndi makina ambiri, ndipo poyamba musaisinthe. DD, ya mawaya opindidwa ngati zilembo D ziwiri, imapirira mchenga wovuta kuposa ya mabwalo awiri, lina m'kati mwa linzake.

Koyilo yaikulu, ya mainchesi 15, imaonjezera kuya pang'ono pa mphete zazikulu ndipo imasesa malo ambiri msanga. Pa mchenga wonyowa wotambalala, madzi ataphwera kutali, ndi yothandiza kwambiri. Koma imamvanso mchere wambiri ndi mchenga wakuda wambiri nthawi imodzi, moti pa gombe lovuta mukhoza kukakamizika kutsitsa mphamvu mpaka phindu lake lonse litatha. M'madzi imakoka dzanja. Pa zinyalala zambiri imamva zinthu zitatu pamodzi n'kubisa chabwinocho. Ngati mwasankha Excalibur II, dziwani kuti koyilo yake ndi yolumikiziratu, ya mainchesi 8 kapena 10, choncho mumasankha tsiku logula.

6. Kulemera ndi batire

Mudzagwedeza makinawa maola atatu kapena anayi. Equinox imalemera pafupifupi makilogalamu 1.3, Deus II sifika kilogalamu, Excalibur II imapitirira makilogalamu awiri, ndipo ATX ndi pafupifupi atatu. Dzanja likatopa koyilo imakwera m'mwamba, ndipo sentimita iliyonse imene yakwera yachotsedwa pa kuya. Nyamulani makinawo m'sitolo, muwatalikitse kufika msinkhu wanu, muwagwedeze mphindi zisanu. Batire ya Equinox imakhala pafupifupi maola 12 ndipo imatchajidwa pa USB, zimene zimathandiza kumene magetsi amathimathima chifukwa pawabanki kapena sola yaing'ono ikwanira.

7. Siyani ndalama ya chokumbira

Ambiri amathera ndalama yonse pa makina n'kupita ku gombe ndi kafosholo ka m'dimba. Dzenje la mu mchenga wonyowa limagumuka mukukumba, madzi amadzaza, ndipo mphete yolemera imamirabe pansi mchenga ukamasungunuka. Makina omva pa masentimita 30 alibe ntchito ngati chokumbira chanu chikulekera pa 15.

Chofunika ndi sikupu, chokumbira cha chitsulo chosachita dzimbiri chokhala ndi mabowo ngati sefa, cha mpini wautali ndi malo opondapo ndi phazi. Mumachiponda kumbuyo kwa pamene palira, n'kutukula mchenga wonse kamodzi, madzi n'kuutsuka. Mabowo asakhale aakulu moti ndolo n'kudutsa. Wowotcherera zitsulo waluso akhoza kukupangirani mukamuonetsa chithunzi, bola chitsulo chikhale chosachita dzimbiri ndi chochindikala moti sichipindika mukachiponda. Onjezerani thumba la m'chiuno la matumba awiri, lina la zabwino lina la zinyalala, nsapato zotseka ndi magolovesi, chifukwa mu mchenga mumakhala magalasi, mbedza ndi majakisoni. Kachida kakang'ono kolozera pamene pali chitsulo m'dzenje n'kothandiza pa mchenga wouma, koma muli ndi sikupu yabwino kakhoza kudikira. Ine ndingati gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yanu lipite ku zinthu zimenezi.

8. Pogula

Kuti mukhale ndi chithunzi cha mitengo, Equinox 600 inatuluka pa madola 649 a ku America, Equinox 800 pa 899, ndipo Manticore pa 1,599. Mitengo imasintha, ndipo mukaitanitsa kunja muonjezere thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata. Funsani za msonkhowo musanalipire katundu. Mukawanyamula pa ndege, mabatire apadera a lithium amayenda m'chikwama cha m'manja.

Makina achinyengo ndi ambiri, makamaka olembedwa dzina la Minelab, chifukwa cha kufunidwa kwa makina a golide mu Africa muno. Kunja amafanana ndi enieni, katoni ndi zomata zomwe. Mtengo ukatsika mokayikitsa, kayikani. Gulani kwa wogulitsa amene dzina lake lili pa tsamba la intaneti la kampani yopanga, ndipo nambala ya makinawo muitsimikize ndi kampaniyo. Funsaninso kumene amakonzera akawonongeka. Minelab imapereka chitsimikizo cha zaka 3 pa Equinox, XP zaka 5 pa Deus II, koma chitsimikizo chimene chikufuna kuti mutumize makina kutsidya kwa nyanja ndi ndalama zanu n'chochepa mphamvu. Ku South Africa kuli ogulitsa ovomerezeka a makampani akuluakuluwa.

Ogwiritsidwapo kale ntchito amagulika, bola muwaone ndi maso. Yang'anani nthunzi kapena madontho kuseri kwa galasi la sikirini. Yang'anani dzimbiri lobiriwira pa timapini totchajira. Onani makutu awiri a koyilo pamene bawuti imadutsa, chifukwa ndi pamene pamathyoka. Yatsani makina, mugwedeze waya wa koyilo pang'onopang'ono kuyambira pansi mpaka pamwamba. Akalira, wayayo ndi woduka m'kati. Makina a White's, monga Surfmaster, anali otchuka pa magombe, koma kampaniyo inatseka mu 2020, choncho funsani kaye za zipangizo zosinthira.

9. Ayeseni mu mchenga wonyowa, osati m'mwamba

Wogulitsa akagwedeza mphete kutsogolo kwa koyilo m'sitolo, makina alionse amaoneka amphamvu. Mumpweya mulibe mchere. Mayeso enieni ndi awa, ndipo ngati mungabwereke makina kwa mnzanu kapena kwa gulu la ofufuza a m'dera lanu musanagule, chitani zimenezo.

Mangani mphete ya golide ku ulusi wolimba wa nayiloni, mbali inayo mumange ku kamtengo kuti isatayike. Pezani malo opanda chitsulo pa mchenga wonyowa. Ikwirireni chogona pa masentimita 10, mutsendere mchenga, mudutsitse koyilo. Bwerezani pa 15, 20 ndi 25. Lembani pamene kulira kwasiya kubwera mbali zonse ziwiri za kugwedeza. Amenewo ndiwo malire a makinawo pa gombe lanu. Chitaninso chimodzimodzi ndi tcheni chopyapyala, kenako ndi msomali mutauika pambali pa mphete.

Potchuna, yambani ndi pulogalamu ya gombe. Pa Equinox, Beach 1 ndi ya mchenga wouma ndi wonyowa, Beach 2 ndi ya m'madzi. Dinani batani lochotsa phokoso la magetsi ozungulira. Kwezani mphamvu yomvera mpaka makina ayambe kubwebweta, kenako mutsitse pang'ono mpaka akhazikike. Makina okhazikika pa mphamvu yocheperako amapeza zambiri kuposa okwezedwa mpaka kumapeto, chifukwa khutu lanu limatha kusiyanitsa kulira kofooka kwenikweni ndi kwabodza. Ngati ali ndi potchunira liwiro lomvera, litsitseni pamene zinyalala n'zochepa ndipo mugwedeze pang'onopang'ono. Koyilo iyende mofanana ndi mchenga, pafupi kwambiri, osaikweza kumapeto kwa dzanja. Pa mchenga wonyowa, kugwedeza motsatira m'mphepete mwa madzi kumachepetsa kulira kwabodza, popeza chinyezi chimakhala chofanana mbali zonse.

Tsopano chinthu chimene chimapweteka oyamba kumene. Pa sikirini, pamene makina amaonetsa nambala ya chitsulo chimene amva, mphete za golide zimagwera pamodzi ndi pepala la aluminiyamu ndi timphete totsegulira zitini za zakumwa. Mukatseka manambala amenewo kuti musakumbe zinyalala, mwatsekanso golide. Pa gombe kanani chitsulo chadzimbiri chokha, china chilichonse kumbani. Ngakhale pamenepo samalani, chifukwa chinthu chabwino chikakhala pa malire a kuya nambala yake imadumphadumpha ndipo nthawi zina imaoneka ngati ya msomali. Chotsani mchenga sikupu imodzi n'kudutsitsanso koyilo. Kulira kukayera, pitirizani. Ndalama zambiri za masiku ano ndi chitsulo chokutidwa pamwamba, monga 10c, 20c ndi 50c za ku South Africa kapena 1p ndi 2p za ku Britain kuyambira 1992, ndipo nazonso zimalira mosokonekera. Mukapeza mphete, onani chidindo m'kati: 375 ndi golide wa makarati 9, 585 ndi wa 14, 750 ndi wa 18, ndipo 925 ndi siliva.

10. Kuya kwina amakupatsani ndi mafunde

Golide wa makarati 18 amalemera kuposa mchenga wa kukula komweko kasanu kapena kupitirira. Mafunde akamagwedeza mchenga, mphete imamira mpaka itafika pa dongo, miyala kapena zigoba zolimba. Gombe likaunjikidwa mchenga watsopano wofewa, mpheteyo ikhoza kukhala mita yathunthu pansi, ndipo palibe makina amene angaimve. Namondwe akabwera n'kukokolola mchengawo, mphete yomweyo imakhala pa masentimita 10.

Choncho phunzirani kuwerenga gombe. Funani pamene mafunde adula mchenga n'kusiya kaphompho, pamene pali zithaphwi zotsika, pamene miyala yaonekera, ndi pamene phazi silikumira. Mukayamba kutulutsa mtovu umene asodzi amamizira mbedza, kapena ndalama zakale zobiriwira, chepetsani liwiro ndi kusesa malowo mbali ziwiri, chifukwa zolemera zimasonkhana pamodzi. Mukamangopeza aluminiyamu wopepuka, mchengawo ndi watsopano, sunthani.

Pa nyanja ya mchere madzi amadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo amaphwera kutali kwambiri masiku a mwezi wathunthu ndi a mdima wa mwezi. Onani ndandanda ya mafunde, mufike maola awiri madzi asanafike potsikitsitsa, muwatsatire akamabwerera. Nyanja ya Malawi ilibe zimenezi. Imakwera ndi mvula, kufika pamwamba cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika mpaka cha mu Novembala ndi Disembala, pamene malo amene anthu ankasambira amakhala osaya. Mwera wa miyezi yozizira ndiwo umasuntha mchenga. Masiku otsatira Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka ndi abwino kulikonse, m'mawa kwambiri anthu asanabwere.

Musatembenukire funde msana mutavala mahedifoni, ndipo ku nyanja ya mchere pewani mikwasa ya madzi okokera kunyanja. Kwathu funsani asodzi za ng'ona ndi mvuu, makamaka pafupi ndi mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, ndipo kumbukirani likodzo m'madzi odekha a nkhono.

11. Malamulo ndi eni malo

Ku South Africa lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limateteza zombo zomira zopitirira zaka 60 pamodzi ndi katundu wake, ndipo kuchotsa kanthu popanda chilolezo cha SAHRA, bungwe la boma loyang'anira zinthu zakale, ndi mlandu, ngakhale katunduyo atakokoloka n'kufika pa mchenga. Magombe a m'malo otetezedwa ali ndi malamulo awoawo, ndipo makhonsolo ena amaikanso awo. Ku England ndi Wales, Treasure Act ya 1996 imafuna kuti chuma chakale chinenedwe pasanathe masiku 14, ndipo zochokera ku zombo zimanenedwa kwa Receiver of Wreck, ofesi ya boma yoona za katundu wa zombo zosweka, pasanathe masiku 28. Magombe ena a kumeneko amatulutsabe zipolopolo ndi mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mukaona chokayikitsa musachigwire, imbani 999.

Ku Malawi zinthu zakale zimatetezedwa ndi Monuments and Relics Act. Dera la Cape Maclear lili ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984, ndiye musakumbe m'malo a pakiyo popanda kulankhula ndi oyang'anira. Pa gombe la loji pemphani kwa manijala. Pa gombe la mudzi yambani mwaonekera kwa amfumu ndi komiti ya pa doko, muwaonetse makinawo ndi kufotokoza chimene mukufuna, chifukwa mlendo wokumba mchenga ndi chida chachilendo amayambitsa mphekesera msanga. Mphete yolembedwa dzina kapena tsiku la ukwati, foni ndi makiyi zili ndi eni ake. Kazisiyeni ku polisi, kwa opulumutsa osambira kapena ku ofesi ya loji. Dzenje lililonse likwirireni, ndipo zinyalala zimene mwakumba mupite nazo.

12. Mukabwerako

Mchere umapitiriza kudya makina ali m'nyumba. Tsiku lomwelo atsukeni ndi madzi a pa mpopi, osawapopera mwamphamvu. Masulani ndodo zake kuti mchenga utuluke m'malo olumikizira, apo ayi zidzakakamirana. Chotsani chivindikiro cha pansi pa koyilo n'kutsuka m'kati, chifukwa mchenga wonyowa wotsekeredwa mmenemo umayambitsa kulira kwabodza kumene ambiri amaganiza kuti ndi kuwonongeka kwa makina. Pukutani timapini totchajira mpaka tiume musanalumikize waya. Musawasiye m'galimoto yotseka padzuwa kenako n'kuwamiza m'madzi ozizira ngati a ku Camps Bay, chifukwa mpweya wa m'bokosi ukazizira mwadzidzidzi umatha kukokera madzi m'kati kudzera m'malabala otsekera. Asiyeni pamthunzi kaye azizire.